Ndisanatumize linki, ndimadzifunsa kaye



Mng'ono wanga ali Fomu 3. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Achimwene, pa YouTube ndizionera chani?" Ndinatsala pang'ono kumutumizira ma linki khumi, koma ndinaima kaye. Bandulo amamugulira ndi amayi, ndipo nthawi yake ikapita sibwereranso. Ndikamulozera chanelo, ndiye kuti ndamusankhira kumene ndalama ya amayi ndi madzulo ake zikathere. Kodi umenewu si udindo?

Ndiye ndinamupatsa ma chanelo atatu okha. Khan Academy ya masamu ndi sayansi, yomwe Sal Khan anaiyamba pophunzitsa msuweni wake masamu. CrashCourse ya biology ndi mbiri ya dziko lapansi. iFixit, yomwe imaonetsa kumasula ndi kukonza foni pang'onopang'ono.

Muyeso wanga ndi umodzi. Ukamaliza kuonera, umaika foni pansi n'kutenga cholembera kapena sikuludiraiva? Chanelo ikangokukokera ku vidiyo ina, ngakhale izitchedwa ya maphunziro, yangokudyera nthawi basi.

Nanga inu, vidiyo yomwe munatumizira mnzanu dzana ija, munali mutaphunziramo chani?