Mpando wa Direkitori ndi Amana

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mbuye wa zolengedwa zonse. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad, akubanja lake ndi maswahaba ake.

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, pakati pathu pano pali amuna amene akuyendetsa masukulu. Funso la Jumu'a ya lero ndi lawo, komanso lathu tonse: kodi mwamuna amene wakhala pa mpando wa direkitori ali ndi ngongole yanji kwa aphunzitsi aakazi amene akuwatsogolera?

Taonani zimene zimachitika. Pakafunika munthu wokonza ndandanda ya maphunziro, wowerengera ndalama za ADE, kapena wokaimirira sukulu ku msonkhano wa ZIP, direkitori amaitana mnyamata amene wabwera dzulodzuloli. Mayi amene wagwira choko zaka zambiri amakumbukiridwa pa 12 Okutobala, Tsiku la Aphunzitsi, pakafunika wophika mpunga. Kenaka mpando wa wachiwiri kwa direkitori ukatseguka, timati palibe mkazi wodziwa ntchito. Akanaidziwira kuti, poti palibe anamuonetsa?

Ena amabisala kumbuyo kwa chipembedzo. Komatu maswahaba aamuna ankapita kwa mayi wathu Aisha, Allah asangalale naye, kukafunsa za malamulo ndi za Hadith. Mzikiti wa al-Qarawiyyin ku Fes, umene unadzasanduka likulu la maphunziro, unamangidwa ndi Fatima al-Fihri m'chaka cha 859. Mu Surat Al-Qasas, amene analangiza bambo ake kuti alembe ntchito Mneneri Musa anali mwana wamkazi, ndipo muyeso wake unali wa zinthu ziwiri: mphamvu yogwirira ntchito ndi kukhulupirika. Muyeso womwewo ndi woyenera pa ofesi ya sukulu. Kuno ku Mozambique, nduna yoyamba ya maphunziro titalandira ufulu mu 1975 inali Graça Machel.

Koma pali mantha ena amene sindiwapeputsa. Direkitori woopa Allah amati: ndikayamba kuphunzitsa mkazi wa mwini ntchito za mu ofesi, mudzi udzandidya ndi miseche. Nzoona, ndipo Shariya imaletsa mwamuna ndi mkazi wachilendo kukhala awiriwiri mobisika. Yankho lake ndi chitseko chotsegula ndi dzuwa la masana. Itanani aphunzitsi awiri kapena atatu pamodzi. Aonetseni mabuku a ndalama, kalembedwe ka malipoti opita kuboma, ndi kayankhulidwe pamaso pa khonsolo ya sukulu. Mukachokapo, siyirani mayiyo makiyi, ndipo muwauze anzake poyera kuti mwamusiyira. Kumutsekera kunja poopa malilime a anthu ndiko kumulipiritsa mlandu umene sanapalamule.

Ndipo iwe amene umati udzam'kweza mkazi pa ntchito akayamba wakuvomera zachisembwere, dziwa kuti wagulitsa chinthu chimene si chako. Mpandowo ndi amana, ndipo pa Tsiku la Kiyama udzafunsidwa.

Inu alongo athu aphunzitsi, musadikire kuitanidwa, pemphani kuphunzitsidwa. Inu amuna awo, musawayese adani amene akuwaphunzitsa poyera. Ana athu aakazi akuona amene amakhala kutsogolo mbendera ikamakwezedwa m'mawa, ndipo akuphunzirapo.

E Allah, tipatseni atsogoleri achilungamo, yeretsani mitima yathu ndi malilime athu, ndipo dalitsani aliyense wophunzitsa mwana. Ameen.