Ankhoswe a Odwala

Pali funso limene lakhala likutisautsa mtima, ndipo tifuna kuliika pamaso panu mwezi uno kuti tiliganizire pamodzi. Mkazi alawira mbandakucha ndi mwana wotentha thupi kumsana, afika ku chipatala cha Thuchila, apatsidwa timibulu tachikasu, nabwerera kwao. Iye sadziwa amene anapanga timibuluto, ngakhale dziko limene tinachokera, ngakhale chimene chiri m'kati mwache. Koma amwetsa mwana wache, amene amkonda koposa moyo wache womwe. Kodi mkazi uyu achita mwanzeru, kapena angoponya mwana wache m'manja mwa alendo?

Masiku a makolo athu funso ili silinali lobvuta. Sing'anga anali wa m'mudzi momwemo, kapena wa tsidya lina la mtsinje. Anthu anadziwa amache ndi amalume ache, anamuona akukumba mizu m'tsinde mwa phiri la Mulanje, ndipo anawerenga amene anachira ndi amene anaikidwa. Akanyenga, mlandu unapita kubwalo la mfumu. Sitinena kuti mankhwala ache onse anali abwino, iai, pakuti manda a ana anali ambiri. Koma maso a mudzi anali pa iye. Lero mankhwala aoloka nyanja, ndipo dotolo ndi namwino atumizidwa kwa ife kuchokera kutali, osadziwika mtundu wao. Maso a mudzi safika komweko.

Pa ukwati, pamene mabanja awiri osadziwana apatsana ana ao, makolo anaika ankhoswe, anthu oimirira pakati, amene abvomereza kuti mnyamatayu ndi wolongosoka, ndiponso amene aitanidwa zikabvuta. Tiyesa kuti dziko lathu linachita chomwecho pa nkhani ya odwala. Kuli bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, limene lakhalapo kuyambira 1966, lolemba m'buku anamwino ndi azamba amene aphunzira mokwanira. Kuli Medical Council of Malawi, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987, loyang'anira madotolo ndi othandiza ao. Munthu amene dzina lache mulibe m'buku lao saloledwa kugwira odwala, ndipo amene achita zoipa angathe kufafanizidwa. Kulinso Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene lamulo la 2019 linaliika m'malo mwa bungwe lakale la 1988. Ntchito yache ndiyo kuloleza mankhwala asanagulitsidwe, kuwayesa, ndi kuyendera nyumba zogulitsiramo. Zipatala za mishoni nazo ziri ndi bungwe lao la CHAM, limene linayamba mu 1966.

Kapena wina adzati, "Zimenezo ndi za m'maofesi a ku Lilongwe, zitikhudza bwanji ife?" Tamverani. Mu 2022 ku dziko la Gambia ana pafupifupi 70 anafa impso zao zitaonongeka, atamwa mankhwala amadzi a chifuwa ochokera ku India, amene munali poizoni. Amai ao sanali osasamala. Anachita monga achita mkazi wathu uja. Botolo linali lokongola, lolembedwa bwino, ndipo palibe mai amene akanatha kuzindikira poizoniyo ndi maso kapena ndi lilime. Panafunika munthu wa zipangizo, woyesa botololo lisanafike m'mudzi, ndipo munthuyo sanaoneke pa nthawi yache.

Koma pali ntchito ina ya ankhoswe amene tinena, imene iposa kugwira onyenga, ndiyo kuzindikira pamene mankhwala abwino aleka kugwira ntchito. Akulu akumbukira chloroquine, wowawa uja, amene anayabwitsa thupi anthu ambiri. Zaka zambiri anachiritsa malungo. Ndipo m'zaka za m'ma 1980 tizirombo ta malungo tinayamba kumzolowera, ana namwa mankhwala koma osachira. Taonani kubvuta kwache: mai mmodzi sangathe kuona chinthu chotere. Mwana wache akafa, iye ati kapena ndinachedwa, kapena pali munthu wandilodzera. Namwino mmodzi nayenso angokaika. Chinthucho chioneka pokhapokha pamene anthu ena alemba ana mazanamazana, nayesa magazi ao asanamwe ndi atamwa, nawerenga. Anthu otere anawerengadi, ndipo mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Afrika kuchotsa chloroquine m'zipatala ndi kuika Fansidar m'malo mwache. Pamene Fansidar nayenso anafooka, Boma linasinthanso mu 2007, niliika LA, timibulu tachikasu tija.

Chodabwitsa n'chakuti ofufuza a ku Blantyre anaonetsa mu 2006 kuti chloroquine wayambanso kuchiritsa pafupifupi ana onse amene anamuyesa pa iwo, popeza tizirombo tomzolowera tija tinatha pamene anthu analeka kumwa. Koma iwo eni anachenjeza kuti asabwezedwe msanga, chifukwa m'maiko oyandikana nafe tizirombo totere tinalipobe. Ife a kuno timvetsa chenjezo limenelo, pakuti udzudzu suima pa Muloza kuonetsa chiphaso.

Tsono apa ndi pamene funso lathu lilimba. Nzeru imene inapulumutsa ana athu inagulidwa ndi magazi a ana a anthu ena, amene analola kubayidwa chala kawirikawiri. Ndipo ife a Mulanje tidziwa chimene mau akuti magazi achita m'mitima yathu. Mu 2017 mbiri ya anamapopa inabuka m'dera lino, nifalikira ku Phalombe, Thyolo ndi kwina. Anthu anagona panja m'magulu, misewu inatsekedwa ndi mitengo, anthu angapo osalakwa anaphedwa, ndipo a United Nations anachotsa antchito ao ku Mulanje ndi Phalombe. Antchito ena a chipatala anachitidwa chipongwe chifukwa cha kachipangizo komvera pachifuwa, kamene anthu anakayesa kopopera magazi. Tichita manyazi pokumbukira, ndipo sitifuna kuchepetsa tchimo la kupha.

Koma sitifunanso kuseka mantha a anthu athu monga aseka ena a m'tauni. Munthu wosauka amene aopa kuti ophunzira angamgwiritse ntchito ngati mbuzi saopa chinthu chosachitika. Ku Amerika, pa malo ochedwa Tuskegee, kuyambira 1932 kufikira 1972, madotolo a Boma anayang'anira amuna akuda mazana odwala chindoko osawauza zoona, ndi osawapatsa mankhwala ngakhale pamene mankhwalawo anapezeka, kuti aone m'mene nthendayo iphera munthu. Amenewo anali ophunzira, obvala zoyera. Chifukwa cha zoipa zotere maiko anapangana kuti munthu asafufuzidwe osalola yekha, atauzidwa zonse m'chinenero chimene amva. Kwathu kuno oyang'anira pangano limeneli ndiwo National Health Sciences Research Committee, ndi komiti inzache ya kusukulu ya madotolo ku Blantyre. Wofufuza ayenera kuyamba waika zolinga zache pamaso pao, ndipo iwo ali ndi mphamvu yakukana. Amene afunsidwa kulowa m'kafukufuku angathe kukana, kapena kutuluka pakati, osataya thandizo lache la kuchipatala.

Mwa njira imeneyi, mu 2018 makolo a ku Ndirande ndi Zingwangwa analola ana ao oposa 28,000 kulowa m'kuyesa katemera wa tayifodi. Katemerayo anaoneka kuti ateteza ana 8 mwa 10, ndipo mu 2023 anaperekedwa m'dziko lonse, kufikira kuno kwathu. Makolo amenewo sitiwadziwa maina, koma tiri nao mangawa. Ndipo tidzifunsa tokha: kodi nkoyenera kuti ife tizilandira zipatso za kulola kwa anzathu, koma ikafika nthawi yathu tithamangitse wofufuza ndi miyala? Tiyesa kuti iai. Kukana ndi ufulu wa munthu ali yense, ndipo wokana alibe mlandu. Koma akane atafunsa ndi kumva, osati atamva mphekesera pachitsime. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Chomwecho tiyankha kuti mkazi wathu uja sachita mopusa. Akhulupirira anthu amene sanawaone, monga mkwatibwi akhulupirira mau a nkhoswe, ndipo pali zifukwa zabwino. Koma tikadaleka apa tikadanena theka lokha. Nkhoswe weniweni adziwika ndi mbali zonse ziwiri, ndipo nyumba yache idziwika njira. Ife amene tiyenda m'midzi kuphunzitsa ndi kuika maliro sitikumana kawirikawiri ndi munthu wodziwa kuti mabungwe amenewa alipo, kapena kuti angathe kukadandaula kwa iwo pamene wachitidwa zoipa. Maina ao ndi a Chingerezi, makalata ao ndi a Chingerezi, ndipo Lilongwe ndi kutali kwa munthu amene alibe ya basi yofikira pa boma pa Mulanje. Ndiponso tiona mankhwala akugulitsidwa pamsika, padzuwa, pambali pa tomato ndi usipa, ena otha masiku, ena amene tikaika kuti anatuluka m'nkhokwe za odwala usiku. Tibvomereze, ifenso tinagulapo, tsiku lina pamene tinauzidwa kuti mankhwala atha, ndipo mwana anali kubuula m'nyumba. Pamenepo nkhoswe panalibe, ndipo tinadziwa kuti palibe, koma tinagula.

Chifukwa chache tipempha akulu a mabungwe amenewa kuti atumize munthu, ngakhale kamodzi pachaka, adzakhale pansi pa mtengo pabwalo la mfumu, nalankhule m'Chichewa ndi m'Chilomwe. Tidzamkonzera mpando ndi nsima. Ndipo funso loyamba limene amai atituma kuti tidzamfunse ndi ili: magazi amene atengedwa pachala cha mwana, akatha kuyesedwa, apita kuti?