Maso a nkhono pa Nyika

Nkhono ili ndi maso, koma ambirife tidakula osawaona. Ali kunsonga kwa tinyanga tiwiri tatitalito, ndipo ukangoikhudza imatibweza n'kulowa m'chigoba. Wofuna kuwaona amakhala pansi, osagwedezeka, mpaka yokha itulukenso. Akuluakulu adaona zimenezi ndipo adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwu timakonda kuuza mwana wophunzira ntchito kapena mnyamata wofunsira mbeta, koma ine ndimati woyenera kuumva kwambiri ndi mlendo amene waima pa chipata cha Thazima, akulowa ku Nyika National Park.

Maulendo okaona malo kumpoto amakonzedwa ngati akuthamangitsidwa. Lero ku Vwaza Marsh kukaona mvuu ndi njovu pa nyanja ya Kazuni, mawa ku Chelinda mkati mwa Nyika, mkuja kukwera msewu wokhotakhota wa Gorodi kupita ku Livingstonia ndi kumathithi a Manchewe. Kuchoka ku Rumphi kukafika ku Chelinda ndi makilomita oposa 100, ambiri mwa iwo a fumbi ndi miyala. Alendo amafika msana uli wowawa, ndipo funso loyamba kwa wowatsogolera limakhala lakuti: "Achimwene, kambuku tikamuona nthawi yanji?"

Wotsogolera wodziwa ntchito salonjeza kambuku. Amaimitsa galimoto pamtunda, n'kuzimitsa injini. Poyamba palibe china koma udzu, mphepo yozizira ndi timapiri tofewa tondondozana mpaka kumene maso alekezera. M'mwezi wa June ndi July chisanu chimayeretsa udzuwo m'mawa, zala n'kuchita dzanzi. Ndiye pakapita kanthawi, chimene umayesa chulu chimagwedeza khutu lalitali, ndipo umazindikira kuti ndi chilembwe, nkhope yake yamawanga akuda ndi oyera itakuyang'ana kalekale. Kuseri kwake mbidzi zikudya, kutsetsereko ntchefu zikuyenda mwaulemu wake. Zonsezi zidalipo galimoto isanaime. Chimene chidasoweka ndi munthu wokhala chete.

Nthawi ya dzinja ntchito imakhala yogwada. Pa Nyika pali mitundu yoposa 200 ya maluwa a orchid, ndipo ena ndi aang'ono moti woyenda mofulumira amawaponda osadziwa. Wotsogolera amapatula udzu ndi zala kuti uone kaluwa kamodzi. Pambali pake angakuonetsenso kadzenje kumene wina adakumba tizinthu tonga mbatata ta pansi pa maluwawa, timene amapangira chinaka, chomwe ku Zambia amati chikanda. Kadzenje kameneka kamanena za njala ndi msika wa kunja kwa paki, nkhani imene sungaione uli pawindo la galimoto.

Koma kumene mwambiwu umandigwira mtima n'kwa anthu. Nyika idakhala paki mu 1965, yoyamba m'dziko muno, ndipo mu 1978 idakuzidwa kufika masikweya kilomita pafupifupi 3,200. Pokuza malowa mabanja ambiri, kuphatikizapo Aphoka, adasamutsidwa, kusiya minda ndi manda a makolo awo. Zotsalira za ng'anjo zimene ankasungunulira chitsulo zikadalipo, ndipo nyanja yaing'ono ya Kaulime, kumene lero timakadikira nyama zobwera kudzamwa, akale ankailemekeza ngati malo a mizimu. Mlendo amene akusirira kuti kuno kulibe munthu ayenera kudziwa kuti anthu adalipo. Munthu wa m'midzi yozungulira pakiyo sangakuuze zimenezi pa ola loyamba, ndipo sindimuimba mlandu. Nkhani ya manda osiyidwa sauza wongodutsa. Imatuluka madzulo, mukuotha moto, utayamba wapereka moni wa "Monire adada" ndi kufunsa za kumudzi.

Chimodzimodzi vimbuza. UNESCO idazindikira gule wa Atumbukayu mu 2005, pamodzi ndi Gule Wamkulu, ndipo lero alendo ena amamuonera kwa mphindi zochepa asanadye chakudya chamadzulo. Ovinawo apeze ndalama, zimenezo n'zabwino. Komabe vimbuza ndi mankhwala. Amene amavina ndi wodwalayo, kawirikawiri mayi, sing'anga akutsogolera, ng'oma zikulira usiku, abale atazungulira akuimba ndi kuomba m'manja kuti wovutikayo atule zimene zamulemera. Woonera chidule chake amabwerera ndi kanema m'foni, osadziwa kuti waona chiyani.

Okonza maulendo angachite bwino kuchotsa malo amodzi pandandanda n'kuwonjezera usiku wina ku Chelinda. Tsiku lowonjezeralo galimoto ikhale pansi, alendo ayende wapansi ndi wowatsogolera, ndipo pobwerera aime ku midzi ya kufupi ndi Thazima nthawi yokwanira kukhala pa mphasa ndi kumva eni dera akulankhula.