Khasu la Pasukulu

Belu loyamba pasukulu ya anyamata yogonera pompo limalira kusanache bwino. Anyamata amadzambatuka, nayalula zogonera, nathamangira kumjigo kukasamba madzi ozizira. Belu lachiwiri limawaitanira kumapemphero, lachitatu kuphala, kenaka m'kalasi. Madzulo kuli mpira, kwaya ndi kuwerenga kwa usiku. Kholo lochokera ku Nsaru kapena ku Mpingu likaona ndondomeko yotereyi itapachikidwa pakhomo la ofesi ya mphunzitsi wamkulu, limabwerera kwawo mtima uli m'malo, poganiza kuti mwana wake aleredwa yense wathunthu: mutu, mtima ndi manja omwe. Ndi zimenenso sukulu za mipingo zimalonjeza. Komatu pasukulupo pali chida chimodzi chimene chimaulula ngati lonjezolo lili loona. Chidacho ndi khasu, ndipo funso lake n'lakuti kodi amalipereka kwa yani, nanga pa chifukwa chanji.

Amishoni amene adayambitsa sukulu m'dziko muno sadalekanitse buku ndi ntchito yamanja. A mpingo wa Dutch Reformed atakhazikika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, ndiponso ansembe a White Fathers atafika ku Likuni mu 1903, ophunzira awo ankawerenga m'mawa, masana n'kukhala m'munda kapena poumba njerwa. Ku Khondowe, sukulu imene Robert Laws adatsegula mu 1894 inkatulutsa aphunzitsi pamodzi ndi akalipentala, omanga nyumba ndi osindikiza mabuku. Mbewu imeneyi sidafe, pakuti mpaka lero ku Namitete kuli sukulu ya ntchito zamanja. Ndipo sukulu yachikhristu ili ndi chifukwa chakechake cholemekezera manja, popeza Yesu amene imamulalikira ankadziwika kwawo ngati mmisiri, ndipo Paulo ankadzidyetsa yekha posoka mahema.

Tsono taonani zimene zimachitika m'sukulu zambiri. Mnyamata akachedwa kumapemphero amapatsidwa chikwakwa kuti akatchetche kuseri kwa zimbudzi. Akalongolola m'kalasi amakakumba dzenje la zinyalala. Akapalamula mlandu waukulu amamulozera chitsa cha mtengo kuti achizule, anzake akumuonerera pawindo uku akuseka. Amene amakhoza bwino masamu, wosapalamula, angathe kutha chaka chathunthu osagwirako mpini. Palibe mphunzitsi amene adaimapo kutsogolo kwa kalasi n'kunena kuti kulima ndi ntchito ya anthu olakwa, koma mwana wa zaka khumi safuna kuuzidwa. Amaona yekha kuti choko chili m'manja mwa wolemekezeka, ndipo khasu lili m'manja mwa wochimwa. Phunziro limeneli limalowa msanga kuposa katekisimu, chifukwa limalowera m'matuza a m'manja ndi m'manyazi.

Chodabwitsa n'chakuti mnyamata yemweyo amaphunzira zaulimi m'kalasi, nazilemba pamayeso. Akhoza kuyankha mosajejema kuti mizere ya chimanga italikirane masentimita 75, kuti mapando atalikirane masentimita 25, ndi kuti paphando pagwe mbewu imodzi. Mphunzitsi amachonga, namulembera kuti wakhoza. Koma mzere weniweni sadaungepo, ndipo akauona mtima wake umakumbuka chilango.

Mtunda pang'ono kuchoka mumzinda wa Lilongwe, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, pali malo ofufuzira zaulimi a Chitedze, amene adakhazikitsidwa mu 1948. Kumeneko anthu a maphunziro apamwamba amakhalira m'minda, akuyeza, akuwerenga mbewu, akulemba. Mtedza wa CG7 ndi chimanga cha MH18, zimene zidaperekedwa kwa alimi mu 1990, zidachokera m'ntchito yotereyi, ya anthu amene sadaone chachilendo kugwira cholembera ndi dothi tsiku limodzi. Chimanga cha MH18 alimi adachikonda chifukwa chimakonoleka bwino mumtondo monga cha makolo, ndipo wofufuza sakadadziwa kufunika kwa zimenezi akadakhala munthu wonyansidwa ndi mtondo wa amayi ake. Mwana amene waphunzitsidwa kuti dothi ndi chilango ndi wovuta kumubweza kuti adzakhale wofufuza wotere, ngakhale atakhoza mayeso onse.

Pali makolo amene sangagwirizane ndi maganizo amenewa, ndipo mawu awo sayenera kuponderezedwa. Bambo wa ku Kabudula amene wagulitsa fodya ndi mbuzi kuti alipire sukulu yogonera anganene kuti adatumiza mwana kukaphunzira, osati kukalima. Khasu alitaye, chifukwa ndi lomwelo lasaukitsa banja lonse. Amadziwa kuti malo a kusekondale ndi ochepa, makamaka chiyambire 1994 pamene maphunziro a pulayimale adakhala aulere ndipo ana adachuluka kuchoka pa pafupifupi mamiliyoni awiri kufika pa atatu. Kwa iye ola lililonse limene mwana ali kudimba la sukulu ndi ola lobedwa ku mayeso a Sitandade 8. Mantha amenewa ali ndi mbiri yake. Pa nthawi ya atsamunda, makamaka bungwe la Phelps-Stokes litayendera dziko lino mu 1924 ndi kulimbikitsa maphunziro oyenerana ndi moyo wa kumudzi, Amalawi ophunzira ambiri adakayikira kuti cholinga chidali kumusunga munthu wakuda pakhasu. Kukayikako kudali ndi maziko, pakuti sukulu yoyamba ya sekondale, ya Blantyre, idatsegulidwa mochedwa mu 1940, patapita zaka zoposa 60 chifikire amishoni.

Bamboyo akunena zoona pa mfundo imodzi: khasu lisalande malo a buku. Mwana wa mlimi ali ndi ufulu wofika kulikonse kumene nzeru zake zingamufikitse. Koma kumuchotsa mwana pa umphawi wa khasu n'kosiyana ndi kumuphunzitsa kunyoza wogwira khasu, ndipo chilango chija chimachita chachiwirichi. Fizi imene yalipira bedi, nyemba ndi makope yatuluka m'mizere ya bambo yemweyo. Sukulu imene imalandira ndalama ya khasu, n'kusandutsa khasulo chizindikiro cha manyazi, ikuphunzitsa mwana kuluma dzanja lomudyetsa, ngakhale itamuloweza pamtima lamulo la kulemekeza atate ndi amayi.

Mlanduwu umakula pasukulu yogonera pompo. Mwana woyendera akaweruka amakapeza amayi ake akupalira, agogo ake akusoka fodya, ndipo zimene waona kusukulu zimawongoledwa ndi zimene akuona kwawo. Wogonera alibe mwayi wotere. Kwa miyezi itatu sukulu ndiyo mayi, ndiyo bambo, ndiyo malume; chimene sukuluyo yachinyoza palibe wina wochiyeretsa. Akuluakulu adati kuwongola mtengo m'poyamba, koma kupinda mtengo nakonso m'poyamba pomwepo.

Nanga wolakwa asalangidwe? Alangidwe ndithu, pakuti sukulu yopanda mwambo ndi msika. Chikoti n'choletsedwa masiku ano, ndipo n'zomveka kuti mphunzitsi wotopa, wa ana ochuluka, dzanja lake limathamangira kukhasu. Koma chilango chabwino chimafanana ndi mlandu. Wothyola benchi athandize kulikhoma. Wonyoza mnzake apepese pamaso pa amene adamva chipongwecho. Wochedwa ataye nthawi yake ya mpira. Dimba lokha likhale la onse, pa ola lake lodziwika, loikidwa pandondomeko monga masamu ndi mapemphero. Woyamba m'kalasi akhale ndi bedi lake la mpiru pafupi ndi la wotsiriza, ndipo mwina kumeneko wotsirizayo ndiye adzaphunzitse mnzake, chinthu chimene chingamuchitire ubwino woposa maulaliki khumi. Mphunzitsi naye avule jekete. Ana amayang'anitsitsa chimene wamkulu amachigwira ndi manja ake, ndipo mphunzitsi woimirira pamthunzi ndi ndodo yolozera waphunzitsa kale kuti munthu akakwera amasiya kugwira. Ndiwo za m'dimbamo zikalowa mumphika wa sukulu, mnyamata amadya thukuta lake, nazindikira kuti nsima ya tsiku ndi tsiku ili ndi mwini wake amene adaivutikira.

Zotsatira za maleredwe amenewa sizioneka pachikalata cha mayeso. Zimaoneka patchuthi cha Khirisimasi, mvula itagwa, udzu utamera m'chimanga. Tambala akalira bambo amatenga khasu lake pakhonde, ndipo pambali pake pamatsala lina laling'ono limene mwana ankagwira asanapite kusukulu. Bamboyo sanena kanthu, chifukwa mwana wasukulu ndi mlendo wolemekezeka masiku oyamba. Amangotsegula chitseko pang'onopang'ono, nayenda kulowera kumunda, khutu lili m'mbuyo kumvetsera ngati kukubwera mapazi.