Kodi Mphatso Ingayezedwe pa Sikelo?

Pamene Dr. Hastings Kamuzu Banda adatsegula sukulu ya Kamuzu Academy ku Mtunthama, m'boma la Kasungu, m'chaka cha 1981, nasonkhanitsa kumeneko ana opambana anzawo pa mayeso ochokera m'maboma onse a dziko lino, kuti akaphunzire Chilatini, Chigiriki ndi mabuku a Angerezi, iye adayankha ndi njerwa ndi makobiri funso limene anthu oopa Mulungu sanathe kulimasula kufikira lero: kodi mphatso imene Mlengi aika mwa mwana, munthu angaiyeze ndi pepala la maola owerengeka, monga ayezera chimanga pa sikelo?

Ine sindili mmodzi wa iwo akunyoza mayeso. Pepala la MANEB lili nacho chilungamo chake, pakuti wochonga saona nkhope, ndipo ambiri amene lero ali aphunzitsi ndi madokotala akadafera kumudzi ndi khasu m'manja chikadapanda chipata chimenechi. Koma tiyeni tilingalire za ana awiri a Folomu 4 amene afunsidwa funso limodzi pa buku la Nthondo, lija adalemba Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, nilisindikizidwa mu 1933. Woyamba agona pasukulu ya magetsi ndi nyumba ya mabuku, ndipo bukulo aliwerenga katatu. Wachiwiri ayenda mtunda wautali kunka ku sukulu yoyendera, kumene buku limodzi alimbirana ambiri, ndipo likamfika aliwerenga pa koloboyi, atatha kutunga madzi ndi kusinja. Kungakhale kuti wachiwiriyu ndiye amene akumva kuwawa kwa moyo wa Nthondo m'mafupa mwake, popeza nthano za agogo ake zidamtsegula makutu asanadziwe chilembo. Komabe tsiku lotuluka zotsatira dzina la woyamba ndilo lidzatamandidwa, ndipo ife tidzati tapeza mwana wamphatso, pamene chimene tayeza ndi zokolola, osati mbewu, ndiponso nthaka sitinaifunse.

Apa ndipo fanizo la matalente, m'buku la Mateyu mutu 25, lindivutitsa mtima. Mbuye wa m'fanizoli sadafune chiwerengero chimodzi kwa akapolo onse. Wa matalente asanu ndi wa awiri adalandira chiyamiko chofanana, chifukwa aliyense adaweruzidwa molingana ndi chimene adapatsidwa. Muyezo wotere ngwa Iye yekha wodziwa chimene adapereka, ndipo bungwe la mayeso, ngakhale litakhala la anthu olungama chotani, silingaufikire. Tisalidzudzule pa ichi. Tidzidzudzule ife, amene timatenga mapointi ngati chiweruzo cha kumwamba, ndi kuuza mwana wolephera kuti mutu wake ngwouma. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mphatso ya mawu, imene mwa ena ichedwa kuphuka, siionekera wofulumira.

Chondiwawa koposa ndi ana amene safika konse m'chipinda cha mayeso, makamaka atsikana osiyira sukulu ku pulayimale chifukwa cha umphawi kapena ukwati. Ana otere andikumbutsa nkhani ya m'Baibulo: mneneri Samueli atafika ku Betelehemu, Jese adamuonetsa ana ake asanu ndi awiri mmodzimmodzi, ndipo mwa onsewo munalibe wosankhidwa. Mwana wake wina, woyimba masalimo uja, anali kubusa ndi nkhosa, ndipo atate wake sadamuwerengere. Adabwera kokha chifukwa mneneri adafunsa ngati watsala wina, nakana kukhala pansi kufikira atamuitana.