Mtsutso: Chikhristu ndi Ndowa ya Mbatata

Mbatata ya kachewere imadyetsa mabanja ambiri m'mapiri a Dedza. Tawuni ya Dedza ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600, ndipo kuzizira kwake kumayanjana ndi mbewuyi, moti woyenda pa msewu wa M1 kudutsa pa Chimbiya ndi pa Bembeke amaona ndowa zitandandalikidwa m'mbali mwa msewu. Ogulitsa ambiri ndi Akhristu, ena a mu Dayosizi ya Dedza, ena a CCAP Sinodi ya Nkhoma, ena a mipingo ina. Pa geni imeneyi pali chizolowezi chimene aliyense amachidziwa: ogulitsa ena amathira pansi mbatata zing'onozing'ono ndi zotemedwa ndi khasu, n'kusanja zikuluzikulu pamwamba, ndipo ena amakhoma pansi pa ndowa kuti pabwere m'kati. Mutu wa mtsutso wa ana asukulu ukuchokera pamenepa: Mkhristu wonyenga pa ndowa wakana chikhulupiriro chake, ngakhale atatero pofuna kudyetsa ana.

Wovomereza woyamba akuyamba ndi Malemba. Akukumbutsa wapampando kuti buku la Levitiko ndi la Miyambo amaletsa miyeso yachinyengo, ndipo kuti Zakeyu atalandira Yesu m'nyumba mwake analonjeza kubwezera anthu amene anawabera. "Wapampando, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Munthu wovala yunifomu ya Chigwirizano Lamulungu, Lolemba n'kubisa zoola pansi pa ndowa, wavala nsalu chabe." Akumaliza ndi mawu amene akupatsa anzake pogwira: akuti wogulitsa mwachilungamo Mulungu amamudalitsa ndi chuma.

Wotsutsa woyamba akulumphira pomwepo. Akufunsa kuti chumacho chili kuti, popeza m'mudzi uliwonse muli agogo opemphera amene sananyengepo munthu koma akugona m'nyumba yodontha. Kenaka akuwerengera zimene mlimi amalowetsa m'munda: mbewu, feteleza, mankhwala a chiwawu, aganyu opalira ndi okumba, ngolo yotulutsira mbatata kumsewu. Zonsezi zikatha, venda amabwera ndi thumba lake lolumikiza pamwamba, n'kutchula yekha mtengo, podziwa kuti mbatata siichedwa kuola ndipo mlimi alibe poisungira. "Amene wayamba kuba ndani? Mayi wa pamsewu akungobweza pang'ono zimene anamulanda. Mbewa ya manyazi inafera kuuna." Akuonjeza kuti ogulawo ndi mabwana a magalimoto ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, amene sangamve kupweteka ndi mbatata zochepa zazing'ono.

Chitsanzo cha mabwanacho ndi chofooka, ndipo wovomereza wachiwiri sakuchisiya. Akufunsa ngati mayi wa pamsewu amakhala ndi ndowa ziwiri, ina ya olemera, ina ya osauka. Ndowa yokhomedwa ndi imodzi, ndipo imayezera aliyense: mnyamata wa chiwaya amene mpamba wake wonse ndi ndowa imodziyo, mphunzitsi wotsika minibasi, wamasiye amene akukagulitsanso m'milu ku msika wa kwawo. Akafika kunyumba n'kukhuthula, amapeza kuti phindu limene amayembekezera latsala pa Bembeke. "Venda amene anakuberani wapita ndi lole yake. Inu mwatembenuka n'kubera mnzanu wosauka ngati inu nomwe. Kubweza kotani kumeneko, achimwene?" Pa za chuma akuvomereza kuti mnzake anapitirira, chifukwa Malemba salonjeza kuti wolungama aliyense adzalemera. Koma akuti zimenezo sizithandiza otsutsa: ngati chilungamo n'chofunika pokhapokha chikabweretsa ndalama, ndiye kuti nachonso chasanduka geni.

Wotsutsa wachiwiri akusintha njira. Akuti ngakhale mpingo unanena kale kuti umphawi wa anthu wamba uli ndi ouchititsa. Akutchula kalata imene mabishopu a Katolika analemba m'nyengo ya Lenti, yomwe inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Marichi 1992, ndipo inadzudzula malipiro ochepa a antchito ndi kusiyana kwakukulu pakati pa olemera ndi osauka. Ngati mabishopu analoza chala akuluakulu, akutero iye, n'chifukwa chiyani ana asukulu akuloza mayi wa ndowa? Apa mawu akukwera, ndipo akutembenukira kwa wovomereza wachiwiri m'malo mwa wapampando. "Inu achemwali, yunifomu mwavalayo inagulidwa ndi chiyani? Fizi ya teremu ino inatuluka m'ndowa yomwe mukuinyozayo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mukadzakhala ndi ana atatu olira njala ndi ngongole ya banki m'khonde yofunika kubweza Lachisanu, mudzabwere mudzatiuzenso za Levitiko."

Wapampando akuchenjeza kuti nkhani ya makolo a munthu si mutu wa mtsutso, koma chenjezolo likubwera mochedwa, ndipo yankho likutsata njira yomweyo. Wovomereza wachiwiri akuti popeza anzake alowetsa banja, nayenso alankhula za banja. Akufotokoza mmene ntchitoyi imagwiridwira Loweruka m'mawa: mayi amakhala pa thumba n'kumasankha, ndipo amene amasanja mbatata m'ndowa ndi mwana, chifukwa manja ake ndi opepuka. Amamuuza kuti zazing'ono ziyambe, zotemeka aziike bala litaloza pansi kuti lisaoneke, zikuluzikulu zisanu kapena zisanu ndi imodzi zikhale pamwamba. Mawa lake mwana yemweyo amapita ku Sande sukulu kapena ku katekisimu kukaphunzira kuti kuba ndi kunama n'tchimo. "Mwa maphunziro awiriwa, akhulupirira liti? Akhulupirira limene laika nsima pa mbale. Tsiku limene adzabise chenji cha amake, kapena kubera mayeso a Fomu 4, musadzafunse kumene anaphunzira. M'mera mpoyamba." Mfundo imeneyi ndi yolemera kuposa zonse zimene zanenedwa, ndipo otsutsa sakuiyankha mwachindunji.

Kalata ya 1992 nayonso wovomereza wachiwiri akuitembenuza. Akukumbutsa kuti olemba ake anaopsezedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko muno chifukwa cha kalatayo. Anthu amene analolera zotere pofuna kunena zoona, akutero iye, sangasandutsidwe mboni za ndowa yokhomedwa. Kudzudzula venda wa thumba lolumikiza n'koyenera, ndipo amene angamudzudzule mopanda manyazi ndi mlimi amene muyeso wake uli wokwana.

Pomanga mfundo, otsutsa akubwerera pang'ono m'mbuyo. Akuvomereza kuti kukhoma ndowa n'kulakwa, koma akukana mawu akuti munthu wotero wakana chikhulupiriro. Petulo anakana Ambuye katatu koma sanatayidwe, ndipo mayi wolakwa chifukwa cha njala ndi Mkhristu wofooka, wofunika kumuthandiza. Akufunsa kuti mphakati kapena bungwe la amayi linasonkhako kangati mpamba wa munthu wotere lisanamuweruze. Funsoli n'lachilungamo, ndipo likanabwera poyamba m'malo mwa nkhani ya mabwana a magalimoto, mtsutso ukanakhala wovuta kwambiri kwa ovomereza.

Ovomereza akulandira funsolo koma osasiya mutu. Akuti kusiyana kwa Petulo ndi wokhoma ndowa n'kwakuti Petulo anagwa usiku umodzi n'kulira, pamene ndowa imakhomedwa ndi hamala masana, munthu ataganiza bwino, kuti igwire ntchito nyengo yonse. Akusonyezanso kuti njira ina ilipo ndipo ogulitsa ena amaitsata: kusankhula mbatata m'magulu, zikuluzikulu pamtengo wake, zapakati pamtengo wake, zazing'ono za mbewu kapena zodya pakhomo, ndi kulola wogula kukhuthulira ndowa m'thumba akuona. Pa nkhani ya mavenda akuti alimi akagulitsira pamodzi m'kalabu amatha kukana thumba lolumikiza n'kuumirira sikelo, ndipo masikelo a malonda ali ndi bungwe loyenera kuwayendera, la Malawi Bureau of Standards. Akuvomereza kuti mphakati ndi Chigwirizano ali ndi udindo wothandiza membala amene mpamba wamuthera, ndipo akupempha kuti nkhani ya miyeso izikambidwa m'misonkhano ya magulu amenewa monga mmene amakambira za chopereka ndi za maliro.