Ndalama Zafika, Nanga Bambo Afika Liti?



Sabata yatha, titamaliza mapemphero otsegulira, tinafunsana funso lomwe silinali m'buku lathu: ndi angati mwa ife amene ali ndi mwamuna, mkazi, mwana kapena mchimwene amene akugwira ntchito kutali? Pafupifupi tonse tinakweza manja. Ena anatchula Johannesburg, ena Cape Town ndi Durban, ena Lilongwe ndi Blantyre. Mayi wina wa m'gulu lathu, amene akulera zidzukulu zinayi, anati kamdzukulu kakang'ono pa onse kamawadziwa mayi ake ngati mawu otuluka mu foni basi. Tinaseka pang'ono, kenako tonse tinangoti zii. Tsamba lino talemba kuti nkhani ija tiyipitirize.

Ulendo wa kummwera sunayambe ndi ife. Agogo athu ankalembedwa ndi Wenela kupita kumigodi ya golide, ena ankapita okha wapansi mpaka ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Amene sankabweranso ankatchedwa machona, ndipo mawuwa akadali ndi ululu wake mpaka lero. Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo boma la Kamuzu linaimitsa ntchito yolemba anthu akumigodi. Inayambiranso mu 1977 kudzera ku TEBA, n'kudzatheratu mu 1988. Koma njira yokha siinatsekeke. Lero anthu akukwera basi kudutsa ku Tete mpaka ku Beitbridge, ambiri alibe kalata ya ntchito, ndipo chatsopano n'chakuti amayi nawonso akupita.

Akatswiri ofufuza za chikhalidwe cha anthu akhala akuiyang'ana nkhaniyi kuyambira kalekale. Margaret Read, amene anakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, anaona kuti midzi imene mkazi ankakhala pakati pa abale a mwamuna wake inkapirira bwinoko mwamunayo akachoka, kusiyana ndi midzi ya chikamwini kumene mkamwini akachoka, munda ndi denga zinkasowa wozigwira. Patapita zaka, Jaap van Velsen anakhala pakati pa Atonga a ku Nkhata Bay, ndipo anapeza kuti ngakhale amuna ambiri anali kunja, mudzi sunkasweka, chifukwa amunawo ankatumiza ndalama, ankatsatira nkhani za kumudzi, ndipo ankadziwa kuti tsiku lina adzabwerera. Sitikunena kuti mwambo wina uposa unzake, ayi. Chimene ife tikuonapo n'chakuti banja linkalimba kapena kugwa molingana ndi zinthu ziwiri: anthu amene atsala pafupi ndi mayi ndi ana, komanso ngati mtima wa wapaulendoyo ukadali pakhomo.

Masiku ano pali kafukufuku wina wotchedwa Malawi Longitudinal Study of Families and Health, amene kuyambira 1998 wakhala akubwerera ku mabanja omwewo a ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka. Mwa zimene wasonyeza n'zakuti maukwati m'midzi mwathu amatha kawirikawiri, makamaka ku Balaka. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo naye anapeza kuti mu 1992 mayi mmodzi ankabereka ana pafupifupi 7, koma pofika 2015 ndi 2016 chiwerengerocho chinatsika kufika pakati pa 4 ndi 5. Taganizirani tanthauzo lake kutsogoloku. Ana athu adzakhala ndi amalume ndi azakhali ochepa kusiyana ndi amene ife tinali nawo. Kale bambo akachoka, mwini mbumba anali pompo. Lero mwini mbumbayo nayenso ali ku Joni.

Tsono ife monga okhulupirira titi chiyani? Choyamba tisaweruze wapaulendo. Bahá'u'lláh analamula kuti munthu aliyense akhale ndi ntchito kapena luso lomupezetsa chakudya, analetsa kupemphetsa, ndipo ntchito yogwiridwa ndi mtima wotumikira anaikweza kukhala ngati kupembedza Mulungu. Mnyamata amene akutsuka magalimoto ku Durban kuti mlongo wake alembe mayeso a fomu 4 sakuchita chinthu chochititsa manyazi. Amagona anthu asanu m'chipinda chimodzi, amaopa apolisi, ndipo amakumbukira zipolowe zothamangitsa alendo za mu 2008 ndi 2015, pamene boma linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu athu. Munthu wotere ayenera kumupempherera, osati kumunena.

Koma buku lomwelo la Kitáb-i-Aqdas limene linalamula za ntchito linaikanso pa phewa la bambo udindo wophunzitsa mwana wake wamwamuna ndi wamkazi kuwerenga ndi kulemba, pamodzi ndi zonse zimene Mulungu walamula. Apa ndi pamene mtima umatigunda. Fizi ikhoza kubwera kudzera pa Mukuru, yunifolomu ikhoza kubwera pa basi. Nanga kunena zoona, kukhulupirika, ulemu, pemphero la m'mawa, zimenezi zidzera pati? Mwana saphunzira khalidwe pomva malangizo okha. Amaonera mmene bambo ake amayankhira akakwiya, mmene mayi ake amalandirira mlendo, mmene awiriwo amagwirizanirana akasemphana maganizo. Ngati palibe choti aonere pakhomo, akaonera kwina, ndipo foni imene tamutumizira ija ili ndi aphunzitsi ambiri amene sitinawasankhe.

Tisanamizane kuti vutoli ndi la a ku Joni okha. Ena a ife timagona pakhomo tsiku lililonse, koma timachoka ana asanadzuke n'kubwera atagona. Mwana wathu akuleredwa ndi mtsikana wantchito, amenenso ndi mwana wa mnzathu wa kumudzi yemwe anayenera kukhala m'kalasi. Malamulo a ntchito m'dziko muno amapatsa mayi amene wabereka tchuthi cha masabata 8, ndipo kuyambira 2021 amapatsanso bambo masabata 2. N'zabwino ndithu, koma wa kabaza, wogulitsa tomato kumsika ndi wa ganyu tchuthicho akachipempha kwa yani? Ambirife nthawi yokhala ndi ana palibe amene adzatipatse. Tiyenera kuidula tokha pa zina.

Chida chimene Chikhulupiriro chathu chatipatsa ndi kukambirana. Timachidziwa bwino pa Phwando la Masiku Khumi ndi Asanu ndi Anayi ndi pa misonkhano ya Bungwe Lauzimu, koma kunyumba timachisiya pakhomo ngati nsapato. Nyumba ya Chilungamo ya Dziko Lonse yatikumbutsa kuti m'banja mwamuna asapondereze mkazi, mkazinso asapondereze mwamuna. Ndiye ulendo wa kunja usamakhale chinthu chimene mayi amangouzidwa usiku pamene tikiti yagulidwa kale. Awiriwo akhale pansi, apemphere, afunsane momasuka: tikupitira chiyani kwenikweni, ndi nyumba kodi, kapena ngongole? Tikhala zaka zingati? Ndalama zizifikira kwa yani, kwa mkazi kapena kwa apongozi? Funso limeneli lokha lapasula mabanja ambiri amene tikuwadziwa. Ana amene afika pomvetsa zinthu nawonso amvedwe, pakuti 'Abdu'l-Bahá anaphunzitsa kuti m'banja aliyense ali ndi ufulu wake, mwana, bambo ndi mayi, ndipo wina asaphwanyiridwe. Agogo amene asiyiridwe anawo afunsidwe ngati mphamvu zilipo, asamangowatulira katundu chifukwa choti sangakane.

Pali chinthu chimodzi chimene sitiyenera kulolera. Mayi akachoka, kawirikawiri mtolo umagwera mtsikana wamkulu: kutunga madzi, kuphika, kubereka wamng'ono kumbuyo, kenako kujomba kusukulu mpaka kusiya. Ziphunzitso zathu zimanena poyera kuti ngati banja silingathe kuphunzitsa ana onse, mtsikana ndiye akhale patsogolo, chifukwa iyeyo adzakhala mphunzitsi woyamba wa ana a mawa. Ulendo umene ukumanga nyumba ya malata koma n'kuchotsa mtsikana m'kalasi uyenera kukambidwanso.

Kwa amene ali kutali, chiyeso chachikulu ndi kunena zoona. Ntchito ikatha, nenani kuti yatha, osangozimitsa foni miyezi itatu chifukwa cha manyazi, uku kunyumba akuganiza kuti mwapeza banja lina kapena mwafa. Ndipo poimba foni, nkhani isamathere pa ndalama. Tikudziwa bambo wina amene Lamlungu lililonse madzulo amaimba pa WhatsApp, ana ake amanena pemphero limene aloweza ku kalasi ya ana, iye n'kunena lake, kenako amafunsa aliyense zimene waphunzira. Mayunitsi ake ndi ochepa, koma anawo amawerenga masiku kudikira Lamlungu.

Ife otsala, akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Makalasi a ana ndi magulu a achinyamata achisodzera amene timachita m'dera lino sangalowe m'malo mwa mayi kapena bambo, ndipo tisadzinamize kuti angatero. Koma mnyamata wa zaka 13 amene bambo ake anachoka iye ali ndi zaka 6 akusowa munthu wamkulu womufunsa mmene wagonera, ndipo mlangizi wa gulu lake akhoza kukhala munthu ameneyo.

Tisanakumanenso, tiyeni tigawane awiriawiri, tikayendere makomo amene agogo kapena mayi akulera ana okha. Tikapemphere nawo, tikafunse ngati anawo akupita kusukulu ndi ku kalasi ya ana, koma makamaka tikamvetsere. Tiyambira kwa mayi aja a zidzukulu zinayi, ativomera kuti tifike Lachinayi madzulo akaweruka kudimba.